Angilikani, mkangano wa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ndi pemphero la odwala: tiyeni tizimasule bwinobwino

Chiyambireni Okotobala 2025 pomwe kunamveka kuti Sarah Mullally ndiye wasankhidwa kukhala Akibishopu wa Canterbury, mayi woyamba kukhala pa mpando waukulu umenewu wa Angilikani ku England, yemwenso anagwirizana ndi mapemphero odalitsa maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha, mauthenga sakutha m'magulupu a WhatsApp kuno ku Zomba. Ena akuti Angilikani yatha basi, yagawikana pawiri. Ena akuti posachedwapa ansembe athu azikakamizidwa kumangitsa maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha, ndipo ena afika pofunsa ngati n'koyenerabe kuitana wansembe wa Angilikani kuti adzapempherere m'bale wawo amene wagonekedwa ku chipatala cha Central kapena cha ku Malosa. Funso lomalizali ndi lomwe landikhudza kwambiri, chifukwa munthu ali pa dilipi sayenera kumanidwa pemphero kaamba ka uthenga wongopatsirana pa foni womwe mwiniwake sakudziwika n'komwe.

Ndiye tiyeni tiyale nkhaniyi poyera. Sindikufuna kukuuzani mbali yoti muime, ndikufuna mudziwe chomwe chinachitika, amene anachita, ndi amene ali ndi mphamvu yosintha zinthu pa tchalitchi chanu.

Angilikani ndi mpingo wotani

Mizu yake ili ku England. Mu 1534 mfumu Henry VIII inachotsa mpingo wa dzikolo pansi pa ulamuliro wa Papa, ndipo anthu ambiri amangodziwa mbali ya ukwati wa mfumuyo, koma chomwe chinaumba mpingo ndi zomwe zinatsatira: Baibulo ndi mapemphero m'chilankhulo cha anthu wamba, ansembe kuloledwa kukwatira, komanso buku la mapemphero lomwe Thomas Cranmer, Akibishopu wa Canterbury wa nthawiyo, anatsogolera kulemba, lomwe linatuluka mu 1549. Sanataye zonse zakale ayi. Anasunga mabishopu, ansembe ndi madikoni, anasunga Ubatizo ndi Ukaristia, n'chifukwa chake mlendo akalowa m'tchalitchi chathu cha St George's kuno ku Zomba tsiku Lamulungu amatha kuganiza kuti walowa kwa Akatolika.

Pofuna kudziwa chifuniro cha Mulungu, Angilikani amati timayang'ana zinthu zitatu: Baibulo choyamba, kenako mwambo wa mpingo kuyambira kale, komanso nzeru zomwe Mulungu anatipatsa. Musaiwale zitatuzi, mkangano wonse wagona pa m'mene zimalemerera china poyerekeza ndi chinzake.

Kuno kwathu mpingo unafika mu 1861 pomwe Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a mishoni yochokera ku mayunivesite a ku Britain, yotchedwa UMCA, anamanga ku Magomero, chakufupi ndi Namadzi pompa, atabwera poyankha pempho la David Livingstone. Mackenzie anamwalira ndi malungo mu Januwale 1862, mishoni inabwerera m'mbuyo mpaka ku Zanzibar, n'kudzabweranso kudzera kunyanja ndi kukhazikika pa Likoma mu 1885. Leonard Kamungu, amene dzina lake lili pa koleji ya ansembe kuno ku Zomba, anadzozedwa unsembe mu 1909, ndipo Josiah Mtekateka anakhala bishopu woyamba wachimalawi mu 1965. Pali kanthu kena kofunika apa. A UMCA anali Angilikani okonda kwambiri masakramenti, Misa, lubani ndi zovala za paguwa, pomwe ku Uganda, Rwanda, Kenya ndi Nigeria kunapita amishoni a gulu lina la ku England lotchedwa CMS omwe ankatsindika ulaliki ndi kutembenuka mtima. Ndiye ngakhale mu Afirika momwemuno Angilikani sitinaleredwe mofanana, ndipo zimenezi zimaoneka mpaka lero pa m'mene mipingoyi imayankhulira pa mikangano.

Ndani amalamula ndani

Apa ndi pomwe anthu ambiri amasokonezekera. Angilikani ilibe Papa. Pa dziko lonse pali mipingo 42 yoima payokha, iliyonse imatchedwa provinsi, kutanthauza chigawo chokhala ndi malamulo ake ndi akibishopu wake (mkulu wa mabishopu), ndipo onse pamodzi ndi anthu pafupifupi 85 miliyoni m'maiko oposa 165. Ife tili mu provinsi ya Central Africa yomwe inakhazikitsidwa mu 1955, muli Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Botswana. Mu provinsi muli madayosizi, dera lomwe bishopu mmodzi amayang'anira, ndipo ku Malawi alipo anayi: Northern Malawi, Lake Malawi, Southern Malawi ndi Upper Shire. Zomba ili mu Upper Shire, yomwe inapatulidwa mu 2002 ndipo maofesi ake ali ku Malosa. Malamulo amapangidwa mu sinodi, msonkhano wa mabishopu, ansembe ndi akhristu wamba osankhidwa omwe amakambirana n'kuponya voti.

Nanga Canterbury ndi ndani? Ganizirani ana a mayi mmodzi omwe anakula, aliyense anamanga banja lake kutali. Wamkulu pa onse ndi amene amaitanitsa msonkhano wa pachibale, amakhala pampando, amalemekezedwa, mawu ake amamveka, koma sangalowe m'nyumba ya mng'ono wake n'kuyamba kulamula za kukhitchini. Akibishopu wa Canterbury ali chomwecho. Amaitana mabishopu onse ku msonkhano wa Lambeth womwe umachitika pafupifupi zaka khumi zilizonse kuyambira 1867, amatsogolera msonkhano wa maakibishopu, koma alibe mphamvu yochotsa wansembe wa ku Chinamwali kapena kusintha lamulo la ukwati ku Upper Shire. Ngakhale zigamulo za Lambeth zenizenizo si malamulo omanga munthu, ndi uphungu wolemera womwe provinsi iliyonse imasankha kuutsatira.

Mukamvetsa izi ndiye kuti theka la mauthenga a pa WhatsApp aja lagwa kale. Koma ufulu womwewu ndi umene unabweretsa vuto, chifukwa m'bale wina akachita m'nyumba mwake chinthu chomwe ena akuchiona ngati tchimo, palibe khothi la banja lonse lomuletsa.

Mkangano unayenda bwanji

Chaka chofunika kuchikumbukira ndi 1998. Mabishopu atakumana ku Lambeth anavomereza chigamulo chodziwika ndi nambala yake, I.10, mavoti 526 ovomereza, 70 okana, 45 osaponya. Anthu amakonda kutchula theka lomwe likuwakomera, koma chili ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba imati ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi moyo wonse, amene sali pabanja adziletse, kugonana kwa amuna okhaokha kapena akazi okhaokha sikugwirizana ndi Malemba, ndipo msonkhanowo sungalangize kudalitsa maubwenzi oterewa kapena kudzoza anthu omwe ali m'maubwenziwo. Mbali yachiwiri imati mpingo udzipereke kumvetsera anthu amenewa, uwatsimikizire kuti Mulungu amawakonda, kuti onse obatizidwa, okhulupirira ndi okhulupirika ndi ziwalo zenizeni za Thupi la Khristu, ndipo imadzudzula mantha opanda maziko pa iwo. Zonsezi zili pa pepala limodzi.

Sipanatenge nthawi. Mu 2002 dayosizi ya New Westminster ku Canada inavomereza kudalitsa maubwenzi oterewa, ndipo mu Novembala 2003 mpingo wa ku America unadzoza Gene Robinson kukhala bishopu wa New Hampshire ali pa ubwenzi ndi mwamuna mnzake poyera. Kunali phokoso lalikulu. Akibishopu wa Canterbury wa nthawiyo anakhazikitsa komiti yofufuza njira yosungira umodzi, ndipo mmodzi mwa mamembala ake anali Bernard Malango, Mmalawi amene panthawiyo anali akibishopu wa Central Africa komanso bishopu wathu wa Upper Shire. Lipoti lawo la Windsor la 2004 linapempha mbali zonse kuti ziyambe zaima kaye, aku America asiye kudzoza ndi kudalitsa, enawo asiye kulowerera m'madayosizi a eni, koma kunena zoona palibe mbali yomwe inamvera mpaka kumapeto.

Mu 2008 mabishopu ambiri osagwirizana ndi kusinthaku anakumana ku Jerusalem n'kuyambitsa GAFCON, gulu lomwe mphamvu zake zambiri zili ku Nigeria, Uganda, Rwanda ndi Kenya komanso Sydney ku Australia. America inasintha lamulo lake la ukwati mu 2015, Scotland mu 2017, Wales inaloleza madalitso mu 2021. Pa Lambeth ya 2022 Nigeria, Uganda ndi Rwanda sanapite n'komwe, pomwe mabishopu a provinsi yathu anapita. Justin Welby, amene anali Akibishopu wa Canterbury, ananena kuti I.10 sichinafafanizidwe, koma ananenanso kuti iye alibe mphamvu yolanga mpingo uliwonse ndipo sakuifuna mphamvuyo. Ena anamva ngati wanena zoona zake, ena anamva ngati wathawa udindo.

Ndiye kunabwera Febuluwale 2023, sinodi ya mpingo wa Angilikani wa ku England inavomereza mapemphero odalitsa anthu awiri amuna kapena akazi omwe ali pa ubwenzi wokhazikika. Tiyeni tinene mosamala apa chifukwa ndi pomwe mabodza amachulukira: England sinasinthe chiphunzitso chake chakuti ukwati woyera ndi wa mwamuna ndi mkazi, simangitsa maukwati oterewa mu tchalitchi, mapempherowo anayamba kugwiritsidwa ntchito mu Disembala 2023 mkati mwa mapemphero a nthawi zonse, ndipo palibe wansembe amene amakakamizidwa. Komabe kwa otsutsa kusiyana kumeneku n'kwa pakamwa chabe, amati sungadalitse chinthu chomwe ukuti si ukwati n'kumanena kuti sunasinthe kanthu. Kwa ofuna kusintha kwenikweni, amati England inapereka theka lokha n'kuwasiya panja pa khomo. Maakibishopu angapo a kumwera kwa dziko lapansi analengeza mu Febuluwale 2023 momwemo kuti sakumuonanso Welby ngati mtsogoleri wawo, ndipo GAFCON inabwereza zomwezo ku Kigali mu Epulo 2023.

Welby analengeza mu Novembala 2024 kuti akutula pansi udindo, koma osati chifukwa cha nkhaniyi ayi, chinali chifukwa cha lipoti lokhudza m'mene mpingo unalepherera kuchitapo kanthu pa nkhanza zomwe munthu wina ankachitira anyamata. Atalengezedwa Mullally, amene anagwirizana ndi mapemphero a 2023 aja, wapampando wa GAFCON Laurent Mbanda wa ku Rwanda analengeza pa 16 Okotobala 2025 kuti gulu lawo silizindikiranso Canterbury ndi mabungwe ake, ndipo kwa iwo sakuchoka mu Angilikani koma ndi iwowo Angilikani yeniyeni. Kugawikana kulipo ndithu, sitingabise, koma ndi provinsi iliyonse yomwe imasankha komwe iime.

Mbali ziwirizi zimati chiyani

Amene akusunga chiphunzitso chakale amayambira ku Genesis 1 ndi 2, Mulungu analenga mwamuna ndi mkazi ndipo awiriwo adzakhala thupi limodzi, mawu omwe Yesu mwini anawabwereza pa Mateyu 19. Amatchulanso Levitiko 18:22, Aroma 1:26-27 ndi 1 Akorinto 6:9-11. Amati mpingo wakhala ukuphunzitsa chimodzimodzi zaka pafupifupi 2000, ndiye m'badwo umodzi wa kumaiko olemera sungadzuke lero n'kunena kuti onse aja analakwitsa. Kwa iwo funso si la kugonana kokha, ndi lakuti kodi Baibulo lili pamwamba pa chikhalidwe kapena pansi pake, ndipo amati kumuuza munthu zoona ndi chikondinso. Palinso bala la utsamunda lomwe silinapole, azungu anabwera ndi Baibulo n'kutiuza kuti tisiye izi ndi izi, lero ana awo akubweranso kudzati zija zasintha, ndipo nthawi zina thandizo la ndalama limabwera ndi zomangira zake. Ku Uganda amakumbukiranso anyamata a ku Namugongo a 1886, Angilikani ndi Akatolika, omwe anaphedwa ndi Kabaka Mwanga, ndipo chimodzi mwa zifukwa chinali kukana zofuna za mfumuyo pa matupi awo.

Amene akufuna kusintha nawonso amati akuima pa Baibulo, musaganize kuti analitaya. Amati mavesi aja ankanena za nkhanza, uhule wa m'makachisi a mafano ndi kugwiritsa ntchito akapolo ndi ana, osati anthu awiri akuluakulu olonjezana kukhulupirika moyo wonse. Amati munthu sasankha amene mtima wake umakopeka naye, ndipo amaloza ku Machitidwe 10 ndi 15 pomwe mpingo woyamba unalandira anthu a mitundu ina utaona Mzimu akugwira ntchito mwa iwo. Amakumbutsanso kuti mpingo unasinthapo kale maganizo pa ukapolo, pa kulera, pa kusudzulana, ndipo amafunsa za zipatso, achinyamata othamangitsidwa pakhomo, ena odzipha. Desmond Tutu wa ku South Africa anali mmodzi mwa Aafirika otchuka omwe anaima mbali imeneyi, ngakhale sinodi ya provinsi yakeyo inakana madalitso mu 2016 komanso mu 2024.

Chitsanzo chomwe chimatikhudza ife kwambiri ndi mitala. Lambeth ya 1888 inati mwamuna wamitala asabatizidwe, koma mu 1988, mabishopu a ku Afirika atapempha, anavomereza kuti angabatizidwe pamodzi ndi akazi ake ndi ana ake okhulupirira bola asakwatirenso wina ndipo akhristu a pamalopo avomereze. Ofuna kusintha amati mwaona, mpingo unamvetsera Afirika pa vuto lake, bwanji osamvetsera ena pa lawo. Osunga chakale amayankha kuti mu 1988 palibe amene anati mitala ndi yabwino kapena kulemba pemphero lodalitsira mkazi wachiwiri, kunali kuchitira chifundo munthu amene uthenga unamupeza ali kale momwemo. Mayankho onse awiri ndi oti munthu akhale pansi awaganizire.

Ndipo pali gulu lachitatu lomwe silimveka kwambiri chifukwa silikuwa, anthu omwe ali ndi maganizo awo pa nkhaniyi koma funso lawo ndi lakuti kodi tingasiyane pa izi n'kumadyerabe pa guwa limodzi? Ena amati inde, ena amati ayi chifukwa nkhaniyi ikukhudza chipulumutso. Mwina pamenepa ndi pomwe pali phompho lenileni.

Kuno kwathu

Provinsi ya Central Africa imaphunzitsa kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi, ndipo palibe dayosizi ya ku Malawi yomwe ili ndi mwambo wodalitsa maubwenzi a amuna kapena akazi okhaokha. Koma moto wa mkanganowu unatiwotchapo kale. Mu 2005 dayosizi ya Lake Malawi inasankha wansembe wa ku London, Nicholas Henderson, kukhala bishopu, koma khothi la mpingo lotsimikiza chisankho linakana chifukwa cha kugwirizana kwake ndi bungwe lina la ku England la maganizo omasuka, ndipo dayosiziyo inakhala zaka zingapo yopanda bishopu, akhristu atagawanika. Ku Zimbabwe mu 2007 Bishopu Nolbert Kunonga anati akuchotsa dayosizi ya Harare mu provinsi ponena kuti provinsiyo ikulekerera nkhaniyi, anagwira matchalitchi ndi katundu, akhristu ambiri ankapempherera panja mpaka khothi lalikulu la dzikolo linagamula mu 2012 kuti katundu abwerere ku provinsi. Anthu ambiri anaona kuti pamenepo nkhaniyi inangokhala chikwanje cholimira ndale ndi chuma.

Tisasakanizenso lamulo la mpingo ndi lamulo la dziko. Malamulo a milandu ku Malawi amaletsa mchitidwewu ndipo chilango chimatha kufika zaka 14, mu Julaye 2023 mipingo ndi Asilamu anayenda m'misewu kutsutsa kusintha, ndipo mu Juni 2024 khothi loona za malamulo aakulu a dziko linagamula kuti malamulowo akhalebe. Kunena kuti chinthu ndi tchimo ndi nkhani ina, kunena kuti wochita amangidwe ndi nkhani inanso, ndipo pali Angilikani ambiri osunga chiphunzitso chakale omwe savomereza ndende. Za chikalata cha ku Vatican cha Disembala 2023 chololeza kudalitsa anthu a pa maubwenzi oterewa, chomwe mabishopu Achikatolika a ku Malawi anakana kuchitsatira, imeneyo ndi ya Akatolika, si ya Angilikani, ngakhale pa foni zimabwera zitaphatikizidwa.

Pemphero la odwala

Tsopano tibwere ku bedi la wodwala. Maziko ake ndi Yakobo 5:14-16, pomwe akuti wodwala aitane akulu a mpingo, amupempherere atamudzoza mafuta m'dzina la Ambuye, ndipo akhristu aululirane machimo ndi kupemphererana. Marko 6:13 akunenanso kuti ophunzira ankadzoza odwala ambiri mafuta. Buku la 1549 linali ndi kudzoza kwa wodwala amene wafuna, buku la 1552 linachotsa poopa kuti anthu akuyesa mafutawo matsenga, kenako m'zaka za m'ma 1900 mwambowu unabwereranso, ndipo kuno chifukwa cha chiyambi chathu cha UMCA sunakhalepo wachilendo.

Wansembe akabwera, kunyumba kapena ku wodi, kawirikawiri zimayenda chonchi. Amapereka mtendere, amawerenga Mawu, ndipo ngati wodwala ali ndi chomulemera mumtima amapempha ena atuluke kaye kuti aulule. Kuulula kwa wansembe mu Angilikani n'kololedwa kwa aliyense koma sakakamiza munthu, ndipo zomwe wansembe wamva pamenepo sazitulutsa kwa wina aliyense, ngakhale kwa mkazi wake kapena kwa bishopu. Kenako amasanjika manja pamutu, amalemba mtanda pachipumi ndi mafuta omwe bishopu amadalitsa mu Sabata Loyera, ndipo ngati wodwala angathe kumeza amamupatsa Ukaristia. Si mwambo wautali, wansembe wodziwa ntchito amaona kuti munthu watopa n'kufupikitsa. Makatekisiti, amayi a Mothers' Union ndi akhristu a m'dera nawonso amayendera odwala, amaimba, amapemphera, amabweretsa phala ndi sopo n'kumupumitsako gadiyani amene wagona pansi masiku, koma kudzoza ndi kumasula machimo ndi ntchito ya wansembe.

Anthu ambiri amaopa kuitana abambo poganiza kuti mafuta ndi a munthu amene akutsirizika. Ayi, mapemphero a wotsirizika alipo paokha. Kudzoza ndi kwa wodwala aliyense amene matenda amukulira, amene akukalowa ku opaleshoni, mayi amene mimba ikumuvuta, nkhalamba yofooka, ndipo munthu angadzozedwe kangapo m'moyo wake. Mafutawo sagulitsidwa ndipo pempherolo salipiritsa.

Chinthu chomwe ndikufuna chimveke kwambiri ndi ichi: mu Angilikani pemphero sililimbana ndi mankhwala. Mpingo womwewo umene umadzoza mafuta ndi umene unamanga St Luke's ku Malosa, St Martin's ku Malindi, St Anne's ku Nkhotakota ndi St Peter's pa Likoma, ndipo Luka amene dzina lake lili pa chipatala cha ku Malosa ndi yemwe Paulo anamutchula sing'anga wokondedwa pa Akolose 4:14. Mullally mwiniwakeyo anali namwino, anafika pokhala mkulu wa anamwino onse ku England asanalowe unsembe. Akuluakulu akukumbukira 1995 pomwe anthu miyandamiyanda anakhamukira chakuno ku Liwonde kukamwa mankhwala achikuda otchedwa mchape poyembekeza kuchira Edzi, nthawi imeneyo ma ARV aulere kunalibe, anadzayamba mu 2004. Lero alipo, ndiye zimapweteka kumva kuti munthu wasiya kumwa chifukwa wina wamuuza kuti wachiritsidwa ndipo kumwabe ndi kusakhulupirira. Kachilombo kakasiya kuoneka poyeza ndiye kuti mankhwala akugwira ntchito, akasiya kamabwereranso ndipo nthawi zina kamabwera kosamvanso mankhwala akale. N'chimodzimodzi shuga, bipi, khunyu, chifuwa chachikulu, ndi matenda a maganizo omwe chipatala chake chachikulu chili konkuno ku Zomba. Wansembe wa Angilikani amene akutsata chiphunzitso cha mpingo wake sangakuuzeni kuti mutaye mapilisi.

Nanga wodwala akapanda kuchira? Angilikani saphunzitsa kuti ndiye kuti chikhulupiriro chinachepa kapena pali tchimo lobisika. Pa Yohane 9 ophunzira anafunsa kuti anachimwa ndani kuti munthu abadwe wosaona, Yesu anati si iye kapena makolo ake. Paulo anapempha katatu kuti munga uchoke m'thupi mwake, sunachoke, anangouzidwa kuti chisomo chikukwanira. Mapemphero a m'buku amapempha kuchira kwa thupi mosabisa, koma amapemphanso mtendere, chikhululukiro, mphamvu yopirira, nzeru kwa madokotala ndi anamwino. Gideon Byamugisha, wansembe wa Angilikani wa ku Uganda, mu 1992 anaulula poyera kuti ali ndi kachilombo, woyamba pa atsogoleri a zipembedzo mu Afirika kuchita zimenezi, ndipo anathandiza mipingo yambiri kusiya kuona matendawa ngati chilango.

Pomwe nkhani ziwirizi zimakumana

Zimakumana pawiri. Poyamba, kodi munthu amene amakopeka ndi amuna anzake kapena akazi anzake akadwala angapemphereredwe? Pano mbali zonse za mkangano zimagwirizana kuti inde, ndipo chigamulo cha 1998 chomwecho chinapempha mpingo kutumikira anthu onse mwaubusa ndi mosamala. Mwambo wa odwala ulibe funso lofufuza zimenezi munthu asanasanjikidwe manja. Pa kulandira Ukaristia ansembe ndi madayosizi amatha kusiyana malinga ndi mwambo wa chilango cha mpingo, monganso zimakhalira kwa amitala kapena olowana osadalitsa ukwati, koma kuchezeredwa ndi kupemphereredwa sikumanidwa.

Pachiwiri ndi povuta kwambiri: kodi kukopekako ndi matenda oti apemphereredwe kuti achoke? Alipo akhristu omwe amakhulupirira kuti Mulungu amasintha zilakolako ndipo amachitira umboni za moyo wawo, ena amafika potcha chiwanda. Ena osunga chiphunzitso chakale samalonjeza kusintha koteroko, amati chomwe tingapempherere ndi mphamvu yodziletsa, ndipo pakati pawo pali anthu omwe iwo eni amakopeka chomwecho koma anasankha kukhala osakwatira. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linachotsa nkhaniyi pa mndandanda wa matenda mu 1990, bungwe lalikulu lachikhristu la ku America lomwe linkalonjeza kusintha anthu, Exodus International, linatseka mu 2013 mtsogoleri wake atapepesa kwa omwe anavulazidwa, ndipo sinodi ya ku England mu 2017 inapempha boma kuti liletse njira zoyesa kusintha anthu. Enanso akuda nkhawa kuti lamulo lotere lingadzaletse ngakhale pemphero wamba lomwe munthu wapempha yekha. Chomwe ambiri a mbali zonse amakana ndi kukakamiza, kumenya, kutsekera mwana m'chipinda, kumusalitsa kudya mokakamiza kapena kumuyalutsa pagulu m'dzina la kumasula. Makolo omwe nkhaniyi yawagwera pakhomo amakhala ndi mantha ndi manyazi osaneneka, ndipo nawonso amafunika wansembe wosunga chinsinsi.

Zingasinthe bwanji kuno

Osati ndi kalata yochokera ku London, kapena ku Kigali. Chiphunzitso ndi malamulo a ukwati mu mpingo wathu angasinthe pokhapokha nkhani itadutsa mu sinodi ya provinsi ya Central Africa, momwe mabishopu, ansembe ndi akhristu wamba a madayosizi 15 a maiko anayi aja amaponya voti. M'mene zimayendera tinaziona pa nkhani ya kudzoza amayi unsembe. England inayamba kudzoza amayi mu 1994, Uganda ndi Kenya anali atayamba kale, koma provinsi yathu inakhala ikukana kwa zaka zambiri, mpaka mu 2023 pomwe sinodi inalola kuti dayosizi yomwe yakonzeka iyambe ndipo yomwe sinakonzeke isakakamizidwe. Funso loti provinsi ipitirire kukhala pa ubale ndi Canterbury, kapena ndi GAFCON, kapena iyese kusunga ubale ndi onse, nalonso lidzadutsa njira yomweyo, ndipo nthumwi za ku sinodi ya dayosizi zimachokera m'maparishi mwathu momwemu, kuphatikizapo a kuno ku Zomba.